AGULUGUFE AKUFA AMENE ATHANDIZA MLIMI

Nkhani yokambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa za Ulimi

Nyengo ya dzinja mukayatsa nyali pakhonde, pabwera tiagulugufe totuwa tambirimbiri tozungulira moto, ndipo inu mutipirikitsa kuti tingagwere m'ndiwo. Koma pa dziko lapansi pali nyumba zina kumene anthu ophunzira atola agulugufe oterewa, nawabaya ndi phini, nawasunga m'madirowa zaka zambiri. Wina akamva zimenezi aseka, nati, "Imeneyo ndi ntchito ya anthu okhuta." Lero ndifuna kukufotokozerani mbiri ya ntchito imeneyi, pakuti ikhudza chimanga chanu ndi thonje lanu koposa mmene muganizira.

Tiyambe ndi chimene ambiri a inu muchidziwa kale. Mbozi iriyonse ndi mwana wa gulugufe. Gulugufe aikira mazira pa tsamba, dzira liswa mbozi, mbozi idya nikula, kenaka isanduka chikwa, ndipo m'chikwamo mutuluka gulugufe wina. Kapuchi woboola phesi la chimanga, ntchemberezandonda, mbozi yofiira ya thonje, zonsezi amai ao ndi agulugufe ouluka usiku. Ngakhale matondo amene anzathu a ku Kasungu atola m'nkhalango nawadyera nsima, nawonso ndi ana a gulugufe wamkulu wausiku. Mitundu ya agulugufe yolembedwa m'mabuku iri pafupifupi 160,000, ndipo pa khumi iriyonse, isanu ndi inai ndi ya gulu la ausikuli. Okongola aja muwaona masana pa maluwa ndiwo ochepa.

Tsono vuto liri apa. Agulugufe ausiku ambiri ndi otuwa, ang'onoang'ono, ofanana ngati mapasa. Ife pamudzi titchula dzina limodzi pa mitundu itatu kapena inai, ndipo dzina la kuno siliri dzina la kutsidya la mtsinje. Munthu wa ku Salima akalembera kalata munthu wa ku India kumfunsa mankhwala a mbozi, adzadziwana bwanji kuti alikunena chirombo chimodzi? Chifukwa cha ichi, m'chaka cha 1758 Carl Linnaeus, mphunzitsi wa pa Yunivesite ya Uppsala ku Sweden, anakhazikitsa mwambo wakuti nyama iriyonse ikhale ndi maina awiri a Chilatini, loyamba longa mfunda, lachiwiri lakelake. Mwambowo ulipo kufikira lero. Komatu dzina lopanda mwini wake liribe ntchito. Munthu akapereka dzina kwa gulugufe watsopano, ayenera kusunga gulugufe yemweyo amene anali m'manja mwake polemba, kuti wina akakayika m'tsogolo apite akamuone ndi maso. Gulugufe ameneyo ndiye mboni ya dzinalo. Kawirikawiri amuikira kapepala kofiira, namsamala koposa onse a m'kabati.

Nyumba imodzi yotchuka yosungira mboni zotere iri pa Yunivesite ya Oxford ku Mangalande. Inayamba ndi mbusa wina wachuma, dzina lake Frederick William Hope, amene anakonda tizirombo kuyambira unyamata wake, natola tina yekha, nagula tina kwa anthu obwera ku maiko akutali. M'chaka cha 1849 anapereka zonse anasonkhanitsazo kwa Yunivesite. Anadziwa kuti mphatso yotere ikasowa woisamala idzangodyedwa ndi tizirombo tinzake, chotero anaperekanso ndalama zolipirira mphunzitsi woyang'anira. Woyamba kukhala pa mpandowo anali John Obadiah Westwood, kuyambira 1861 kufikira imfa yake mu 1893. Pambuyo pake panabwera Edward Poulton, amene anakhalapo zaka 40. Poulton anali munthu wa makalata. Analembera madokotala, amishoni ndi antchito a Boma okhala m'maiko otentha, kuwapempha kuti atumize zimene apeza, ndipo mabokosi anafika ku Oxford pa sitima zapamadzi chaka ndi chaka. Lero m'nyumbamo muli tizirombo toposa mamiliyoni asanu. Muli ngakhale gulugufe woyera amene anagwidwa m'chaka cha 1702, akali pa phini yake, mapiko ali chitambasulire.

Kodi ntchitoyo aichita motani? Usiku ayatsa nyali yowala patsogolo pa nsalu yoyera, ndipo agulugufe akatera pa nsaluyo awaphimba ndi botolo la mankhwala owapha msanga, asanaphuphe ndi kuthothola mapiko. Ufa umene utsala pa zala zanu mukagwira gulugufe ndiwo timamba tating'ono tokhala ndi maanga ake. Ukachoka, gulugufeyo avuta kumzindikira. Akafa ambaya phini pachifuwa, namuika pa kathabwa kokhala ndi ngalande pakati, thupi m'ngalandemo, mapiko uku ndi uku, opanikizidwa ndi timapepala mpaka aume. Akauma alowa m'dirowa lokhala ndi chivindikiro cha galasi. Adani ake ndi chinyontho, nkhungu, kuwala kwa dzuwa, ndi kachirombo kena kakang'ono kamene kadya tizirombo touma monga anankafumbwe adyera chimanga m'nkhokwe. Kale anali kuika mankhwala onunkha m'madirowa. Masiku ano ambiri aika dirowa lonse m'firiji yozizira kwambiri kwa masiku angapo.

Koma chachikulu pa zonsezi ndi kapepala. Pansi pa gulugufe, pa phini yomweyo, abayapo kapepala kosaposa chikhadabo cha chala chachikulu, kolembedwa malo amene anagwidwa, tsiku, mwezi, chaka, dzina la womgwira, ndipo ngati analeredwa kuchokera ku mbozi, dzina la mbeu imene mboziyo inali kudya. Ine ndinena kuti kapepalako kaposa gulugufe mwini wake. Gulugufe wokongola wopanda kapepala ayenera kupachikidwa pakhoma ngati chokometsera nyumba, basi. Wothothoka phiko koma wokhala ndi kapepala kolondola angathe kudula mlandu patapita zaka zana.

Kusunga kokha sikukwanira. Madirowa akachuluka pafunika buku la ndandanda lonena kuti wakutiwakuti ali m'kabati yakuti, anachokera kwakuti, dzina lake ndi lakuti. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa ndipo ifuna munthu wosafulumira. Ku British Museum, mu mzinda wa London, kunali bambo wina dzina lake Francis Walker, amene analemba ndandanda ya tizirombo ta m'nyumbayo pakati pa 1848 ndi 1873. Anali wakhama zedi, natcha maina zikwi zambiri, ndipo dzina lachiwiri la ntchemberezandonda yathu, Spodoptera exempta, ndi iye analipereka cha m'ma 1856. Koma anali wothamanga. Kawirikawiri anapatsa gulugufe mmodzi maina awiri kapena atatu, osazindikira kuti anamlemba kale m'buku lapitalo, ndipo obwera pambuyo pake anataya zaka zambiri kumasula mfundo zimene anamanga. Chinawathandiza ndi chimodzi: mboni zake zinali m'madirowa. Anazitulutsa, naziika pamodzi, naona kuti uyu ndi uyu ndi mmodzi.

Dziko lathu linalowa m'nkhani imeneyi m'zaka za m'ma 1890. Harry Johnston, woimira Boma la Britain ku Zomba, anali ndi katswiri wa zomera ndi nyama dzina lake Alexander Whyte, yemwe uja dzina lake liri pa mkungudza wa pa phiri la Mulanje. Agulugufe amene anatoledwa ku Zomba m'masiku ao anatumizidwa ku London, ndipo Arthur Butler wa ku British Museum anawalemba m'mabuku. Pambuyo pake kunabwera Sheffield Neave, wophunzira ku Oxford, amene anayamba watola tizirombo m'chigwa cha Luangwa, nadzakhala ku Mulanje cha m'ma 1913. Timapepala tolembedwa "Mlanje" ndi dzina lake tikali tambiri m'madirowa a ku Mangalande. Kunalinso Dokotala W. A. Lamborn, amene anakhala zaka zambiri ku Fort Johnston, kumene lero titi Mangochi, kufufuza za kashembe. Iye anali mmodzi wa olemberana makalata ndi Poulton, ndipo anali ndi chizolowezi chabwino cholera mbozi mpaka zisanduke agulugufe, kuti adziwe mwana uyu mai wake ndani.

Pano ndinenepo maganizo anga. Mzungu mmodzi sakanatha kutola zonsezo yekha. Panali anthu akuno onyamula maukonde ndi mabokosi, odziwa mtengo umene mbozi yakuti ikonda, odziwa mwezi umene ituluka, okwera phiri usiku ndi nyali. Pa timapepalato maina ao sapezeka kawirikawiri. Anangolemba dzina la bwana. Chimenecho chinali cholakwa, ndipo chinatayitsanso nzeru, chifukwa maina a Chinyanja, Chiyao ndi Chilomwe a mbozizo akadalembedwa pambali pa a Chilatini, ntchito yathu ife alangizi ikadapepuka lero.

Tsopano imvani phindu la madirowawo. Inu muti kapuchi ndi kapuchi, koma pali mitundu iwiri yaikulu imene ivuta chimanga ndi mapira kuno. Woyamba, Busseola fusca, ndi mbadwa ya mu Afirika. Anamlemba Claude Fuller ku Natal m'chaka cha 1901, ndipo akonda malo okwera ozizira. Wachiwiri, wa timadontho takuda pamsana, akonda malo otsika otentha monga kunyanja ndi kuchigwa cha Shire. Ameneyu mbiri yake ndi yodabwitsa. M'chaka cha 1885 msilikali wina wa ku Britain wokhala ku India, Charles Swinhoe, analemba za kagulugufe kotuwa ka kumeneko, kamene lero katchedwa Chilo partellus. Swinhoe yemweyo ndiye anadzalemba ndandanda ya agulugufe ausiku a kum'mawa osungidwa ku Oxford, mabuku awiri, mu 1892 ndi 1900. Patapita zaka, mu 1932, W. H. T. Tams wa ku British Museum analandira kagulugufe kochokera ku Nyasaland, nakapatsa dzina latsopano poyesa kuti sikanalembedwepo. Akatswiri ena atadzayerekeza wa ku Nyasaland ndi wa ku India, anapeza kuti ndi mmodzi yemweyo. Chotero kapepala ka gulugufe wa kwathu kuno ndiko umboni woyamba wakuti mlendo ameneyu analowa mu Afirika. Kuchokera nthawi imeneyo wafalikira m'maiko ambiri a kum'mawa ndi kumwera.

Mwina mufunsa, "Nanga tikadziwa kwao kwa kapuchi, phesi lichira?" Yankho ndi ili. Chirombo chikasamukira dziko lachilendo chisiya adani ake kumbuyo, ndipo chiswana mopanda wochiletsa. Mukadziwa kwao, mudziwanso kokafuna adaniwo. Akatswiri a bungwe la ICIPE la ku Nairobi anatenga kamavu kakang'ono kuchokera ku Pakistan, dzina lake Cotesia flavipes, kamene kalowa m'bowo la phesi nikaikira mazira m'thupi la kapuchi. Anakamasula m'mbali mwa nyanja yamchere ku Kenya m'chaka cha 1993, ndipo kanakhazikika, kenaka anakapereka ku maiko ena. Kamavuko sikanamalize kapuchi, iai, koma kanamchepetsa m'malo ambiri, ndipo mlimi sanalipire kanthu. Pakanapanda madirowa aja, palibe akanaganiza zokafuna chithandizo ku Pakistan.

Za ntchemberezandonda nkhani yake ndi ina. Makolo athu anazizwa nazo chifukwa zituluka mwadzidzidzi: dzulo dambo linali lobiriwira, lero lada bii ndi mbozi, ndipo patapita masabata awiri kapena atatu zasowa. Ena anati zigwa ndi mvula. Sanalakwe kwenikweni. M'chaka cha 1961 Eric Brown anayamba kufufuza za mbozizi ku Muguga, pafupi ndi Nairobi. Anakonza kuti misampha ya nyali itcheredwe m'malo ambiri a Kenya, Tanganyika ndi Uganda, ndipo m'mawa uliwonse munthu anali kukhuthula msampha, kupatula agulugufe a ntchemberezandonda pakati pa mitundu ina yambirimbiri, kuwawerenga ndi kulemba m'buku. Taganizani ntchitoyo: mulu wa agulugufe otuwa, ndipo uyenera kusankhamo mtundu umodzi osaphonya. Munthuyo anaphunzira poyang'ana agulugufe a pa phini amene maina ao anatsimikizidwa kale. Manambala a misampha yonse ataikidwa pa mapu, chinsinsi chinaululika. Agulugufewo auluka usiku mitunda mazana ambiri atatengedwa ndi mphepo, ndipo pamene mphepo zikomana ndi kugwetsa mvula yamkuntho, pomwepo nawonso atera pamodzi naikira mazira. Kuyambira 1969 kunayamba kutuluka machenjezo onena chigawo chimene mbozi zidzabuka. Msampha ukagwira agulugufe ambiri usiku wa mvula, mlimi ali ndi masabata ngati awiri okonzekera. Masiku ano misampha yambiri igwiritsa ntchito fungo la gulugufe wamkazi lokopa amuna a mtundu umodzi wokha, chotero ngakhale pamudzi munthu angathe kuiwerenga.

Chitsanzo chotsiriza ambiri a inu munachiona ndi maso anu. M'mwezi wa Januwale 1916 kunalibe mlimi mu Afirika amene anaidziwa mbozi imene Azungu aitcha fall armyworm, ndipo zaka zana zinapita chomwecho. Koma mu Januwale 2016 alimi a kumwera chakumadzulo kwa Nigeria anaona chimanga chao chitang'ambika masamba ndi mbozi yobisala m'nsonga, pamene masamba atsopano atulukira. Georg Goergen, katswiri wa bungwe la IITA amene anali kuyang'anira nyumba yosungira tizirombo ku Cotonou m'dziko la Benin, pamodzi ndi anzake, anapima agulugufe ake. Anayang'ana ziwalo zobisika za amuna pa makina okuzira zinthu, pakuti m'menemo ndimo mitundu yofanana isiyanira, napimanso DNA. Dzina linapezeka: Spodoptera frugiperda, mbale wake wa ntchemberezandonda yathu, koma wa ku Amereka. Dzinalo linali lakalekale. James Edward Smith analipereka m'chaka cha 1797 m'buku losindikizidwa ku London, potsata zithunzi zimene John Abbot anajambula ku Georgia.

Pofika kuchiyambi kwa 2017 mboziyo inali itafika ku Zambia, Malawi, Zimbabwe ndi South Africa. Ambiri poyamba anaiyesa kapuchi, ena anaiyesa ntchemberezandonda ya masiku onse nayembekeza kuti isowa yokha pakatha masabata atatu. Sinasowe. Mu Disembala 2017 Boma la Malawi linalengeza kuti maboma 20 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha mboziyi. Mu 2018 inaoneka ku India, mu 2019 ku China, mu 2020 ku Australia. Chionongeko chinali chachikulu, koma taonani chimene dzina linachita. Tsiku limene dzina linadziwika, zonse zimene anthu a ku Amereka analemba za mboziyi pa zaka mazana awiri zinatseguka ngati nkhokwe. Tinadziwa pomwepo kuti siigona m'nthaka kudikira mvula koma iswana chaka chonse kumene kuli chimanga chachiwisi, ndipo chifukwa chake madimba aisunga m'chilimwe. Tinadziwa kuti mankhwala ena inawazolowera kale kwao, kuti iphedwa bwino ikali yaing'ono isanalowe m'kati mwa nsonga, ndi kuti zikakula zidyana zokhazokha. Tinadziwa chizindikiro chake: mzere woyera pamutu wonga chilembo cha Y chozondoka, ndi timadontho tinai takuda kumchira toima ngati ngodya za nyumba. Tinadziwanso maina a adani ake, ndipo akatswiri atafufuza anapeza kuti mmodzi wa iwo, kamavu kodya mazira kotchedwa Telenomus remus, kanali kale mu Afirika.

Alendo otere sanathe kubwera. Katundu ayenda pa ndege ndi pa sitima tsiku ndi tsiku, ndipo woyamba kuona chirombo chatsopano sadzakhala mphunzitsi wa ku Oxford. Adzakhala mmodzi wa inu, m'munda, m'mamawa. Chotero ndikupemphani ichi. Mukaona mbozi imene simunaionepo, musangoiponda. Tolani zisanu kapena khumi. Zina muike m'botolo louma pamodzi ndi masamba a mbeu yomweyo ndi dothi pang'ono pansi, mutseke pakamwa ndi kansalu, musinthe masamba tsiku ndi tsiku kufikira zisanduke agulugufe. Gulugufe akafa musamgwire mapiko. Mnyamuleni ndi kapepala, mumpindire m'menemo, muike m'bokosi la machesi kumene nyerere sizifika. Mbozi zinazo muike m'kabotolo ka sipiriti, pakuti mbozi youma ikwinyika nisazindikirika.

Kenaka lembani kapepala, ndipo mulembe ndi pensulo, chifukwa inki isungunuka ikakhudza sipiriti kapena madzi. Mulembe mudzi, mfumu yaikulu, boma, tsiku, mbeu imene inali kudyedwa, ndi mbali yake, kaya tsamba, phesi, ngaiyaye kapena chisononkho. Ngati akuluakulu a pamudzi ali ndi dzina la mboziyo, mulilembenso. Pansi pake mulembe dzina lanu lonse, ndipo muuze mlangizi wanu kuti potumiza ku malo ofufuza za ulimi monga Bvumbwe, Chitedze kapena Makoka, kapepala kanuko kapite pamodzi ndi gulugufeyo.